Chimene chimalekanitsa Chikhristu ndi Chisilamu ndi Yesu ndi mtanda wake

Chikhristu ndi Chisilamu zimagwirizana pa mfundo zingapo zikuluzikulu: Mulungu ndi mmodzi, ndiye adalenga zonse, adalankhula kudzera mwa aneneri, ndipo akufa adzauka kukaweruzidwa. Kugwirizanaku kwabala chiphunzitso chabodza chimene chimamveka pamaliro, m'minibasi, ngakhale pagome la mlaliki, chakuti zipembedzo ziwirizi n'chimodzimodzi ndipo zimangosiyana pa nyama ya nkhumba, kavalidwe ndi tsiku lopemphera. Onena zimenezi amafuna mtendere, ndipo mtenderewo ndi wofunikadi m'dziko ngati Malawi, momwe kalembera wa 2018 adapeza kuti pafupifupi anthu 14 mwa 100 alionse ndi Asilamu, ndipo ku Mangochi kapena ku Machinga si zachilendo kupeza shehe ndi mkulu wa mpingo ali pachibale. Koma mawuwo si oona, ndipo shehe wodziwa buku lake angawakane msangamsanga ngati momwe m'busa angawakanire. Za nkhumba n'zazing'ono. A Seventh-day Adventist nawonso sadya, koma sadasanduke Asilamu.

Mkhristu ayenera kudziwa poyamba kuti Korani imamulemekeza kwambiri Yesu, amene imamutchula Isa mwana wa Mariya. Imavomereza kuti adabadwa mwa namwali, adachiritsa akhungu ndi akhate, ndipo adaukitsa akufa mwa chilolezo cha Mulungu. Imamutcha Mesiya. Mariya ndiye mkazi yekhayo wotchulidwa dzina m'Korani monse, ndipo sura 19, kutanthauza mutu 19 wa Korani, imadziwika ndi dzina lake. Mlaliki amene amauza mpingo kuti Asilamu amadana ndi Yesu amanena bodza, ndipo Msilamu aliyense womumva sangamukhulupirirenso pa china chilichonse.

Mkangano umayambira pa funso lakuti Yesuyo ndani. Phata la Chisilamu ndi tawhid, kutanthauza umodzi wa Mulungu wosagawika m'njira iliyonse. Tchimo lalikulu koposa ndi shirk, kumuphatikiza Mulungu ndi chinthu china, ndipo sura 4 ndime 48 imanena kuti tchimo limeneli Mulungu salikhululuka. Choncho Mkhristu akati Yesu ndi Mwana wa Mulungu, m'makutu a Msilamu mumamveka tchimo loopsa kuposa onse. Sura 112 imakana kuti Mulungu amabereka kapena adaberekedwa, ndipo sura 6 ndime 101 imafunsa kuti angakhale bwanji ndi mwana pomwe alibe mkazi. Apa pali kusamvana kofunika kukuchotsa msanga. Palibe mpingo umene umaphunzitsa kuti Mulungu adakwatira Mariya, ndipo ganizo lotere ndi mwano kwa Mkhristu monga lilili kwa Msilamu. Utatu Woyera si Mulungu, Yesu ndi Mariya, ngakhale ambiri amatanthauzira choncho sura 5 ndime 116. Chimene msonkhano wa ku Nicaea udatsimikiza mu 325, zaka pafupifupi 245 Muhammad asadabadwe, n'chakuti Mwana ndi wa umulungu umodzi ndi Atate, wosalengedwa, wokhalapo chikhalire. Mulungu ndi mmodzi, ndipo m'umodzi wakewo muli Atate, Mwana ndi Mzimu Woyera.

Alaliki ena amafotokoza Utatu ndi mafuwa atatu a pamoto. Fanizoli ndi loipa: mafuwa ndi miyala itatu yosiyana, ndipo ndendende zimenezo ndi zomwe Msilamu amawaneneza Akhristu. Njira yabwinoko idapezeka kale ndi John wa ku Damascus, Mkhristu amene adakhala pansi pa ulamuliro wa Asilamu ndipo adamwalira cha m'ma 749. Iye adaona kuti Korani yomwe, pa sura 4 ndime 171, imatcha Yesu Mawu a Mulungu ndi mzimu wochokera kwa Iye, nafunsa ngati idalipo nthawi imene Mulungu adali wopanda Mawu ake. Asilamu eni ake adalimbana ndi funso lofanana nalo. Mu 833 mfumu al-Ma'mun idalamula kuti akatswiri onse avomereze kuti Korani idachita kulengedwa. Mmodzi wa akatswiriwo, Ahmad ibn Hanbal, adakana, adatsekeredwa m'ndende ndi kukwapulidwa, koma pomaliza mbali yake ndi imene idapambana, ndipo mpaka lero Asilamu a Sunni amakhulupirira kuti Korani ndi mawu a Mulungu osalengedwa. Ndiye kuti zipembedzo zonse ziwiri zimavomereza kuti pali Mawu amuyaya amene adalowa m'dziko lapansi. Kwa Msilamu adatsika ngati buku la Chiarabu, kwa Mkhristu adasandulika thupi. N'chifukwa chake kuyerekeza Yesu ndi Muhammad, kapena Baibulo ndi Korani, kumasocheretsa: malo amene Korani ili nawo m'Chisilamu ndi amene Yesu ali nawo m'Chikhristu.

Pa mtanda ndi pamene palibiretu pokumanirana. Sura 4 ndime 157 ndi 158 zimanena kuti Ayuda sadamuphe Yesu kapena kumupachika, kuti zidangooneka choncho kwa iwo, ndi kuti Mulungu adamukweza kwa Iye. Omasulira Korani ambiri akale adati munthu wina adapatsidwa nkhope ya Yesu n'kupachikidwa m'malo mwake, ndipo ena amati munthuyo adali Yudasi. A gulu la Ahmadiyya amati adapachikidwa koma adangokomoka, n'kukafera ku Kashmir atakalamba. Ahmed Deedat, mlaliki wa Chisilamu wa ku Durban, amene matepi ndi timabuku take tidafalikira kum'mwera kwa Africa kuno, adatsamira pa ganizo la kukomokali, ngakhale kuti si limene omasulira akale adaphunzitsa. Maganizo ali kumbuyo kwa zonsezi ndi akuti Mulungu sangalole mtumiki wake wolemekezeka kufa imfa yamanyazi. Chovuta chake n'chakuti Korani yomweyo, pa sura 2 ndime 61 ndi malo ena, imadzudzula Aisraeli chifukwa chopha aneneri.

Pa mfundo iyi Mkhristu ali ndi umboni wa mbiri yakale wolimba. Paulo adalemba kalata yoyamba kwa Akorinto cha m'ma 55, ndipo m'mutu 15 akunena za imfa, kuikidwa m'manda ndi kuuka kwa Khristu ngati chiphunzitso chimene iyenso adachita kulandira kwa ena. Tacitus, wolemba mbiri wa ku Roma amene ankawanyoza Akhristu, adalemba cha m'ma 116 kuti Khristu adaphedwa ndi Pontio Pilato mu ulamuliro wa Tiberius, ndipo Pilato adalamuliradi Yudeya kuyambira 26 mpaka 36. Akatswiri osakhulupirira ngati Bart Ehrman amakana kuuka kwa Yesu koma sakana kupachikidwa kwake. Korani idabwera patapita zaka pafupifupi 600. Msilamu amayankha kuti chivumbulutso chimaposa umboni wa anthu, ndipo ngati Mulungu adachititsa kuti zioneke choncho, n'zosadabwitsa kuti mboni zonse zidanyengeka. Yankholi ndi lomveka, koma lili ndi mtengo wake: likutanthauza kuti Mulungu adasiya ophunzira a Yesu, pamodzi ndi mayi ake amene adaima pafupi ndi mtanda, akhulupirire chinthu chosachitika, n'kudikira mibadwo yambirimbiri asadakonze.

Apa m'pamene pamatulukira tahrif, chiphunzitso chakuti Akhristu adasintha Injili, kutanthauza Uthenga Wabwino wa Yesu. Funso loyenera kufunsa ndi lakuti adaisintha liti. Mipukutu ya Codex Sinaiticus ndi Codex Vaticanus idalembedwa m'zaka za m'ma 300, ndipo imfa ya Yesu ilimo m'mabuku onse anayi a Uthenga Wabwino. Komanso sura 5 ndime 47 imauza anthu a Injili kuti aweruze ndi zimene zili m'menemo, zomwe n'zovuta kuzimvetsa ngati bukulo lidali litaonongeka kale. Mkhristu asabise kuti mipukutu yakale imasiyana pa ndime zina, monga Marko 16 kuyambira ndime 9, chifukwa Mabaibulo ambiri amalemba okha zimenezi m'munsi mwa tsamba. Buku lotchedwa Uthenga wa Barnaba, limene ena amalionetsa ngati Injili yeniyeni, limadziwika kuchokera m'mipukutu ya Chitaliyana ndi Chisipanishi ya zaka za m'ma 1500 kupita m'tsogolo, ndipo limakana kuti Yesu ndi Mesiya, motsutsana ndi Korani yomwe.

Chifukwa chimene mtanda ulili wofunika kwa wina ndi wosafunika kwa mnzake chili pa nkhani ya uchimo. M'Chisilamu Adamu adalakwa, adalapa, nakhululukidwa, ndipo nkhani idathera pomwepo. Munthu amabadwa woyera koma wofooka ndi woiwalaiwala, choncho chimene amasowa ndi chiongoko. Palibe wosenza katundu wa mnzake, ndipo pa tsiku lachiweruzo ntchito zidzaikidwa pa sikelo, chiyembekezo chili pa chifundo cha Mulungu. Chikhristu, motsata Aroma mutu 5, chimati uchimo udalowa mu mtundu wonse wa anthu, ndipo wodziwa lamulo amalephera ndithu kulisunga, choncho amasowa Mpulumutsi. Wokambirana ndi mnansi wake wa Chisilamu mwina angachite bwino kuyambira pamenepa kusiyana ndi kuyambira pa Utatu, awerenge yekha ndime za Korani asadazitchule, ndipo asanyoze Muhammad, pakuti mwano umatseka makutu. Ngakhale atatero, zokambirana zotere kawirikawiri zimatha aliyense ali pomwe adali.

Zipembedzo zonse ziwiri zikudikira kubweranso kwa Yesu, koma mosiyana. M'hadith, zomwe ndi nkhani za mawu ndi zochita za Muhammad, Isa adzatsika, adzagonjetsa Dajjal, mesiya wabodza, adzathyola mtanda, ndipo pambuyo pake adzamwalira ngati munthu wina aliyense. M'Chipangano Chatsopano wobwerayo ndi yemwe adafa ndi kuuka, sadzafanso, ndipo ndiye adzaweruze amoyo ndi akufa.