Bournemouth: Tauni Imene Inakulira Pansi pa Paini

Kumwera kwa England, pamene kamtsinje ka Bourne kamathira m'nyanja, pali tauni ya Bournemouth. Alendo a masiku ano amathamangira mchenga wa m'mbali mwa nyanja, koma mwini wake wa mbiri ya tauniyi ndi mtengo wa paini. Pamene Lewis Tregonwell ankagula malo kumeneko mu 1810, dera lonselo linali thengo la zitsamba zifupizifupi, modutsa anthu ozembetsa katundu usiku. Iye ndi eni malo anzake, makamaka a banja la Tapps, anadzala paini wambirimbiri pa dothi lamchenga limene mbewu zinkalikana. Mitengo itakula, madokotala a nthawiyo anayamba kunena kuti fungo la utomoni wake, likasakanikirana ndi mphepo ya kunyanja, limathandiza odwala chifuwa chachikulu. Dr Augustus Granville atayamikira malowa m'buku lake la mu 1841, odwala a ndalama zawo anayamba kukhamukirako. Chipatala cha matenda a m'chifuwa chinatsegulidwa mu 1855, sitima yapamtunda inafika mu 1870, ndipo m'zaka zomwezo madambo a m'mbali mwa Bourne anasandutsidwa paki ya Lower Gardens. M'pakimo muli kanjira kodutsa pansi pa paini kamene odwala ankayendamo pang'onopang'ono, ena akukankhidwa pa njinga, akukoka mpweya ngati akumwa mankhwala. Kale kankatchedwa Invalids' Walk, lero ndi Pine Walk. Ngakhale wolemba mabuku Robert Louis Stevenson, amene chifuwa chinkamuzunza, anakhala m'tauniyi kuyambira 1884 mpaka 1887.

Wina anganene kuti tauni yonseyi inamangidwa pa chikhulupiriro cholakwika, ndipo sanganame. Robert Koch anapeza kachilombo koyambitsa chifuwa chachikulu mu 1882, ndipo mankhwala enieni ochiza matendawa anadzabwera m'zaka za m'ma 1940. Fungo la paini silinaphe kachilombo m'mapapo a munthu aliyense. Komatu taonani chimene chikhulupirirocho chinasiya. Poti mitengo ndiyo inkakopa alendo, eni malo sanafune kuidula. Nyumba zinamangidwa motalikirana pakati pa mitengo, ndipo chigwa cha pakati penipeni pa tauni, malo amene anthu a malonda akanawalimbirana, chinasiyidwa kuti anthu azipumulirapo ulere. Matauni ambiri a ku England a nthawi imeneyo anakulira mu utsi wa malasha, anthu ali mothithikana. Madokotala aja analakwitsa za mankhwala, koma za mpweya wabwino ndi malo otakasuka analondola.

Chitsutso chachiwiri ndicho cholemera. Thengo lija silinali lachabechabe: munkakhala abuluzi a mumchenga, njoka ndi mbalame zimene zikusowa kwambiri ku Britain, ndipo gawo lalikulu la thengo lotere ku Dorset, chigawo chimene kuli Bournemouth, linatha chifukwa cha nyumba, minda ndi nkhalango zodzala. Paini amadzifesa yekha n'kuphimba zitsamba ndi mthunzi, n'chifukwa chake oteteza chilengedwe amamudula pa tizigawo totsala kunja kwa tauni. Akuchita bwino. Koma m'kati mwa Bournemouth thengolo silingabwererenso, ndipo vuto la kumeneko ndi lina: paini wakale akukalamba, mphepo yamkuntho imamugwetsa, ndipo pa kapinga wometedwa kapena pamalo owakidwa poimika magalimoto mbewu yake singamere pokhapokha khonsolo kapena mwini nyumba atakumba dzenje n'kudzala mbande.