Ma earphone a K30: khutu limodzi lafa kale

Lolemba m'mawa ndinakwera basi ya ku Kanyama kupita ku City Market. Mnyamata wa pambali panga anali kupinda-pinda waya pafupi ndi foni kuti nyimbo ya Yo Maps imveke m'makutu onse awiri. Sindinamuseke. Naine ni mwamene nicitila.

Caka cino ndagula ma earphone a K30 katatu kwa anyamata a pa siteshoni, ndipo onse anaduka mkati, pomwe waya umalowera mu foni. K90 yapita so cabe.

Koma cimene cimandivuta kwambiri ndi aja opanda kamphira kotseka khutu. Injini ikulira, ba kondakita akukuwa "Town! Town!", iwe ukungokweza voliyumu mpaka kumapeto. A WHO amati phokoso la ma decibel 80 lisapitirire maola 40 pa sabata, ndipo ukakweza, maolawo amacepa msanga.

Opanda waya amamveka bwino, inde, koma malaiti akapita ku komboni muzachaja kuti?

Manje ndikafika mu Katondo Street sindimvera besi, cifukwa besi imanamiza. Ndimatsegula nkhani pa wailesi, ndili pamsewu pomwepo, voliyumu pakati. Mawu akamveka, ndiye ndimatulutsa ndalama.