Kachipangizo ka kumbuyo kwa boti sikathamangitsa nsomba

Usodzi ukavuta, chala chimaloza chilichonse chachilendo. Pa doko lina ku Monkey Bay ndinapeza mkangano uli m'kati. Mwini boti la injini anali atamanga transducer, kachipangizo ka sonar yofufuzira nsomba ndi kuya kwa madzi, pa thabwa la kumbuyo kwa boti lake, ndipo anzake ankati utaka wasowa chifukwa kachipangizoko kakulira m'madzi, nsomba n'kumathawa. Wina anafika ponena kuti kamaswa mazira a chambo. Mazira oti make amawasunga m'kamwa!

Bodza ili silifuna katswiri kuti aligwetse. Sonar ya pa boti laling'ono kawirikawiri imatulutsa phokoso lonjenjemera ka 50,000 kapena ka 200,000 pa sekondi. Khutu la munthu limalekezera cha pa 20,000. Chambo, utaka ndi usipa zimamva phokoso lotsika kwambiri, losaposa masauzande ochepa. Ndiye zithawe bwanji chinthu chimene sizikumva? Chomwe zimamva bwinobwino ndi kulira kwa injini, koma injiniyo palibe ankaiimba mlandu. Maukonde a timaso ting'onoting'ono ndi maneti a udzudzu okokolola tiana ta nsomba m'mphepete, awonso palibe anawatchula.

M'kati mwa transducer muli kambale kouma ka ceramic. Magetsi akafika, kambaleko kamanjenjemera n'kuponya phokoso pansi. Phokosolo likabwerera n'kukagunda, iko kamatulutsa magetsi. Pakamwa ndi pomwepo, khutu ndi pomwepo. Nzeruyi anaikulitsa ndi Paul Langevin wa ku France cha m'ma 1917, pofunafuna sitima zankhondo zoyenda pansi pa madzi.

Zotsalazo ndi masamu. M'madzi phokoso limayenda mamita pafupifupi 1,500 pa sekondi, kuposa kanayi liwiro lake mumpweya. Ngati pansi pali mamita 75, kupita ndi kubwera ndi mamita 150, gawo limodzi mwa magawo 10 a sekondi. Ngakhale kumpoto kwa nyanja ya Malawi, komwe kuya kumafika mamita 700, sekondi siikwana.

Koma chimene chimandigwira mtima ine ndi mpweya. Mnofu wa nsomba uli pafupifupi ngati madzi, moti phokoso lambiri limangoudutsa. Chimene chimalibweza mwamphamvu ndi kathumba ka mpweya kali m'mimba, kamene kamathandiza nsomba kuyandama. Zimene msodzi amaona pa sikirini ya sonar, kwenikweni ndi timatumba timeneti. Ndipo si nsomba zokha zili nato. Mphutsi za nkhungu, tizilombo tija timafuka pa nyanja ngati utsi, zili ndi timatumba ta mpweya. Masana zimatsikira kozama, mpaka ku madzi osowa okosijeni komwe nsomba sizingakhalitse, ndipo usiku zimakwera kudzadya. Pa sikirini zimaoneka ngati mtambo wokhuthala umene umakwera dzuwa likamalowa. Wosadziwa angaponye chilimira akuganiza kuti wapeza usipa. M'zaka za m'ma 1990, ofufuza a pulojekiti ya UK ndi SADC, amene ankayendera sitima yotchedwa Usipa, anagwiritsa ntchito phokoso lomweli poyerekeza kuchuluka kwa nsomba za pakati pa nyanja.

Mpweya womwewo ndi umene umasokoneza kamangidwe. Thovu likadutsa pansi pa transducer, phokoso limabwerera pomwepo lisanapite kulikonse, ndipo sikirini imangoonetsa zinyalala. Choncho kachipangizoka kamafuna malo amene madzi amadutsa mosalala: kutali ndi pulopela, osati kuseri kwa misomali kapena mizere yotukuka ya pansi pa boti, ndipo nkhope yake itsike pang'ono kupitirira pansi pa boti, itayang'ana pansi osapendama kwambiri. Mabowo a masikuluwu amatidwe bwino kuti thabwa lisawole. Zina zili m'kabuku kamene kamabwera ndi makinawo.

Ka pa doko paja ndinakayang'anitsitsa. Anakamanga m'mwamba, ndiponso pafupi ndi pulopela. Mwini wake anavomera kuti boti likangotenga liwiro, manambala a kuya amazimiririka pa sikirini. Kachipangizo kamene kankaimbidwa mlandu wothamangitsa utaka wa doko lonse, kankalephera kuona ngakhale mchenga wa pansi pake.