CHITUPA CHA MFUMUKAZI CHINAPULUMUTSA AMASEWERO A KU ENGLAND

Anthu a kwathu amene anagwirapo ntchito ku Johannesburg, nagona m'mahositelo a ku Jeppestown monga ya Wolhuter, akumbukira bwino mantha a chitupa. Kufikira chaka cha 1986, pamene lamulo la mapasi linathetsedwa, Mwafirika wopezeka mumzinda wopanda pepala losonyeza bwana wake anali kugwidwa monga lova. Ambiri a awerengi athu adzadabwa kumva kuti anthu amene anakometsa Chingelezi, chinenero chimene ana athu atuluka nacho thukuta m'sukulu, anakhalaponso pansi pa lamulo lofanana nalo.

LAMULO LA 1572

Mfumukazi Elizabeth Yoyamba inalamulira England kuyambira 1558 kufikira 1603. M'chaka cha 1572 Nyumba ya Malamulo inagamula kuti munthu aliyense woyendayenda kuchita masewero, wopanda mkulu wa dziko womuvomera kuti ndi wantchito wake, ayesedwe lova. Chilango chake chinali kukwapulidwa ndi kuboledwa khutu ndi chitsulo chamoto. Tsono amasewero anathamangira kwa akuluakulu kukapempha dzina lobisalamo. Mu 1574 Mfumukazi inapatsa gulu la Earl wa Leicester kalata yolilola kusewera m'dziko lonse, ndipo mu 1576 mmodzi wa gululo, James Burbage, mmisiri wa matabwa, anamanga nyumba ya masewero ku Shoreditch, kunja kwa malire a mzinda wa London.

Akulu oyang'anira mzinda sanakondwere nazo. Iwo anadandaula kuti masewero achotsa anyamata pa ntchito, ndiponso kuti mliri ufalikira m'khamu la anthu. Koma nduna za Mfumukazi zinayankha kuti amasewero ayenera kuzolowera ntchito yao pamaso pa anthu wamba, kuti akaitanidwa kunyumba yachifumu pa nyengo ya Khirisimasi asakachititse manyazi. Mau amenewo ndiwo anakhala linga lao. Mu 1583 Mfumukazi inasankhitsa amuna 12 odziwa kusewera koposa, nakhala gulu lake lenileni.

OLEMBA ACHULUKA

Nyumba za masewero zitakhazikika, panafunika nkhani zatsopano kawirikawiri, ndipo kulemba kunasanduka ntchito yodyetsa munthu. Christopher Marlowe anali mwana wa wosoka nsapato. William Shakespeare, wobadwa mu 1564 ku Stratford-upon-Avon, anali mwana wa wosoka zovala za m'manja. Kuyambira 1594 iye anali m'gulu lotetezedwa ndi Lord Hunsdon, mbale wake wa Mfumukazi, ndipo mu 1599 gululo linamanga nyumba yotchuka ya Globe. Mlakatuli Edmund Spenser, atatulutsa The Faerie Queene mu 1590 molemekeza Mfumukazi, anapatsidwa mapaundi 50 pa chaka.

Komabe Elizabeth sanali mfumu yomwaza chuma. Sewero lochitika pamaso pake linali kulipidwa mapaundi 10, pamene ndalama za tsiku ndi tsiku zinali kuchokera kwa amisiri, amalinyero ndi anyamata ophunzira ntchito, amene anali kupereka kobiri limodzi pakhomo naonerera choimirira. N'chifukwa chake masewero a Shakespeare ali ndi mau akuya oyenera mafumu pamodzi ndi nthabwala zoseketsa munthu wa pamsika.

MTHUNZI WOKHALA NDI MINGA

Chitetezo chimenechi chinali ndi mtengo wake. Sewero lililonse linayenera kuwerengedwa ndi Edmund Tilney, kapitao wa zosangalatsa za kunyumba yachifumu, lisanaonetsedwe. Mu 1597 Ben Jonson anaponyedwa m'ndende chifukwa cha sewero limene Boma linati n'lonyoza. Mu 1579 John Stubbs anadulidwa dzanja lamanja chifukwa cholemba kabuku kotsutsa maganizo akuti Mfumukazi ikwatiwe ndi mkulu wina wa ku France. Gulu la Shakespeare nalonso linafunsidwa mlandu mu 1601, popeza anthu a Earl wa Essex analilipira kuti lisewere Richard II, nkhani ya mfumu yochotsedwa pampando, dzulo lake la tsiku limene iwo anaukira Boma. Amasewerowo anapulumuka, koma Essex anadulidwa mutu.

Mfumu James Yoyamba italowa ufumu mu 1603 inatenga gululo kukhala lake. M'masiku ake munalembedwa Macbeth ndi King Lear, ndipo mu 1611 munatuluka Baibulo lotchedwa ndi dzina lake. Mu 1623 anzake a Shakespeare anasindikiza masewero ake 36 m'buku limodzi. Koma mu 1642, ufumu utayambana ndi Nyumba ya Malamulo, nyumba zonse za masewero za mu London zinatsekedwa. Mtengo utagwa, mthunzi unapita nao.

PHUNZIRO KWA IFE

Ntchito za olembawo zinafika ndi kuno ku Afirika. Sol Plaatje anatembenuzira The Comedy of Errors m'Chitswana, buku lake nilituluka mu 1930, ndipo Julius Nyerere anatulutsa Julius Caesar m'Chiswahili mu 1963.

Akulu anati mutu umodzi susenza denga. Mfumukazi inapereka chitupa, koma amene anadyetsa olemba anali antchito a makobiri. Olemba Chinyanja alibe nyumba yachifumu yowaitana pa Khirisimasi. Ali ndi inu, olandira malipiro pakutha pa mwezi, ndipo buku limene mugula ndilo lidzaitana lina.