Digiri ya pa Mbaula

Tsiku limene bungwe la NCHE latulutsa mayina a osankhidwa kupita ku mayunivesite a boma, ku Ndirande nthungululu zimamveka mpaka kutsidya kwa Nasolo. Aneba amabwera kudzagwira chanza, ndipo Lamulungu abusa amatchula dzina la mwanayo m'tchalitchi. Koma amene anakhalapo m'nyumba zotere madzulo a tsikulo akudziwa kuti chimwemwecho sichigona. Alendo akangobalalika, bambo amatembenuza kalendala n'kuyamba kuwonkhetsa kuseri kwake: fizi, chipinda, ufa, makala, minibasi, foni yoti izitsegula manotsi. Zaka zoposa 40 zapitazo masamu amenewa kunalibe. Kalata yosankhidwa inkabwera ndi bedi lake ndi mbale yake.

Yunivesite ya Malawi inayambira konkuno ku Blantyre, ku Chichiri, mu 1965, ndi ophunzira osakwana 100. Chancellor College inachita kusamukira ku Zomba mu 1973. Polytechnic, imene inamangidwa ndi thandizo la dziko la America pa Ginnery Corner, ndiyo inatsala ngati sukulu ya mzinda uno. Wophunzira wa nthawi imeneyo ankagona ku hostelo, kudya ku kafeteriya katatu patsiku, n'kulandiranso kangachepe ka sopo ndi mabuku. Akuluakulu amene anadya mbale zimenezo amazisimba ngati nthano ya pamoto. Tisawasirire mopitirira. Ankakhuta chifukwa anali ochepa, ndipo ochepawo sanali ana a ku Bangwe. Ngakhale m'zaka za m'ma 2000, Banki Yaikulu ya Dziko Lonse inapeza kuti mwa ophunzira 10 alionse a ku yunivesite m'Malawi, 9 ankachokera m'gulu la mabanja opeza bwino kwambiri. Boma linkadyetsa mwana wa kumayadi ndi msonkho wa munthu wogula sopo pa okala.

Choncho kunali koyenera kuti chipata chikule. Chimene chinalakwika ndi momwe chinakulira: sanamange tebulo lalikulu, anangochotsapo mbale imodziimodzi.

Mu 1985 ophunzira anayamba kusonkhako kangachepe, ndipo ngongole ya boma yolipirira sukulu inayamba nthawi yomweyo. M'zaka za m'ma 2000 wophunzira wothandizidwa ndi boma ankapereka K25,000 pachaka, kenako K55,000. Pambali pake panabwera ophunzira a paralelo, odzilipirira okha ndalama zambiri, osapatsidwa bedi kapena chakudya. Amenewa ndiwo anayamba kusaka zipinda ku Chitawira ndi ku Naperi. Makafeteriya aulere anatha, m'malo mwake kunabwera alawansi ya pamwezi. Mu 2015 boma linathetsa kusiyana kwa magulu awiriwa. Alawansi inatha kwa olowa kumene, aliyense anakhala wodzilipirira, ndipo chaka chomwecho Nyumba ya Malamulo inakhazikitsa bungwe loona za ngongole za ophunzira, la HESLGB. Mu 2016 khonsolo ya Yunivesite ya Malawi inakweza fizi kufika pa K400,000 kupita m'mwamba malinga ndi koleji. Ophunzira anapita pamsewu. Ku Zomba zionetsero zinabweza mdipiti wa Jill Biden, mkazi wa wachiwiri kwa pulezidenti wa America pa nthawiyo, amene anali paulendo m'dziko muno. Pulezidenti Peter Mutharika anadulako K50,000, koma ku Polytechnic mkangano unalowa m'khoti ndipo sukulu inakhala yotseka kwa miyezi. Mu 2023 fizi inafika pa K650,000 m'mayunivesite ambiri a boma, kuphatikizapo MUBAS, dzina latsopano la Polytechnic kuyambira 2021, pamene ku KUHeS, kumene amaphunzira madokotala ndi anamwino, inafika pa K1 miliyoni.

Nambala zimenezi zimamveka bwino ukaziyika pafupi ndi malipiro. Mu February 2024 boma linakweza malipiro otsikitsitsa kufika pa K90,000 pamwezi. Mlonda wa ku Makata kapena wantchito wa m'shopu ya ku Limbe wolandira ndalama imeneyo akanayenera kusunga malipiro onse a miyezi yoposa 7, osadya, osalipira lendi, kuti akwanitse fizi ya chaka chimodzi ya mwana mmodzi. Ndipo ameneyo ndi wamwayi, ali pa ntchito yolembedwa. Mabanja ambiri a ku Ndirande ndi ku Bangwe amadya za tsiku lomwelo: kaunjika, tomato, kabaza, ukalipentala, maganyu.

Komabe fizi ndiye mbali yopepuka ya katunduyu, ngakhale kuti ndi imene imatenga mitu ya nkhani. Ili ndi nambala imodzi, imalipiridwa kawiri pachaka, ndipo wopeza loni amaiwala za iyo chifukwa ndalamayo imapita ku sukulu mwachindunji. Chimene chimathyola wophunzira msana ndi cha tsiku ndi tsiku.

Chiwerengero cha ophunzira chakwera kangapo kuchokera pa nthawi ya kafeteriya, koma mahostelo sanakule nacho limodzi. Udindo wogoneka ophunzira a yunivesite ya boma unagwera malandilodi a ku Chitawira, Nkolokosa, Zingwangwa, Naperi ndi Manja. Palibe lamulo limene linawapatsa udindowu. Anangoona ana akuzungulira ndi zikwama, iwo n'kugawa pabalaza ndi thabwa. Kumeneko salipitsa chipinda, amalipitsa bedi. Ndinalowa m'chipinda china chotere ku Zingwangwa kukaona mwana wa mchemwali wanga. Mabedi osanjikiza awiri, anyamata anayi, zenera limodzi lotchingidwa ndi chitenje. Pakona panali ndowa ya ufa yokiyidwa ndi loko, mbaula, kapoto ka nyama ya soya, ndi laputopu imodzi imene onse anayi ankasinthana usiku malinga ndi amene asayimenti yake yayandikira. Magetsi anali atathima. Mnyamata wina ankawerenga ndi tochi ya foni, atayitsitsa kuwala kuti batire ifike mawa.

"Mwadya, aphwanga?" ndinafunsa.

"Tadya, ankolo. Kuno timadya kamodzi koma mwamphamvu."

Onse anaseka, inenso ndinaseka, koma nthawi inali itadutsa 8 koloko usiku ndipo kamodziko kanali kasanapse.

Anthu amati mwana wa mu Blantyre momwemo ali ndi mwayi chifukwa amachokera pakhomo. N'zoona pang'ono. Wa ku Zingwangwa kapena ku Ndirande akhoza kuyenda wapansi kukafika pa Ginnery Corner, nsapato zikalola. Koma wa ku Bangwe amakwera minibasi yotsikira mu Limbe, n'kukweranso ina ya mu Highway. Wa ku Chilomoni amayamba watsikira m'tauni. Wa ku Machinjiri nayenso ndi maulendo awiri popita, awiri pobwerera. Mafuta atasowa kumapeto kwa 2024, makondakitala ankatchula mtengo umene awafikira pakamwa, ndipo wophunzira wa kalasi ya m'mawa ankasankha pakati pa thiransipoti ndi nkhomaliro. Akafika kunyumba sakhala wophunzira, amakhala mwana wa pakhomo: kukatunga madzi pa kiyosiki, kuyang'anira benchi ya amayi, kulera ang'ono ake. Laibulale imatseka iye ali kale pa siteji kuopa mdima. Ndiye pali mabanja a ku Chilobwe ndi m'mphepete mwa phiri la Soche amene namondwe wa Freddy anawagumulira nyumba mu March 2023, miyezi yochepa fizi isanakwere. Kwa iwo mawu oti "amachokera pakhomo" anasanduka chipongwe.

Tibwere ku loni, imene inayenera kutseka mabowo onsewa. Imabwera pawiri: ya fizi, ndi ya upkeep yoti wophunzira adyere, agonere ndi kugulira zolembera. Ndalama ya kwacha itagwetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti mu November 2023, pamwamba pa 25 peresenti ya mu May 2022, boma linakweza upkeep kuchoka pa K350,000 kufika pa K560,000 pachaka. Pakamwa ndi ndalama yambiri. Igaweni pa miyezi isanu ndi itatu ya masemesita awiri: K70,000 pamwezi, kapena kuti K2,300 ndi kakobiri patsiku, ya bedi, chakudya, sopo, bandulo, fotokope ndi ulendo. Pamene ndalamayi inaima pamenepo, mitengo ya zinthu inali kukwera ndi pafupifupi 30 peresenti pachaka, ndipo kumayambiriro kwa 2025 thumba limodzi la chimanga m'misika ya kum'mwera linali litaposa upkeep ya mwezi wathunthu. Vuto lagona pamenepa. Ndalama ya wophunzira imakwera mwa chilengezo, nduna ikaimirira m'Nyumba ya Malamulo. Ufa umakwera Lolemba lililonse popanda kufunsa munthu. Mabungwe a ophunzira akhalanso akudandaula chaka ndi chaka kuti ndalamayi imafika semesita ili pakati, landilodi atatulutsa kale matiresi panja. Pa masabata odikirawo ndi pamene amayi amakatenga ngongole ku banki mkhonde, ndipo ikakanika kumeneko, kwa akatapila. Loni ya boma ikamafika, theka limapita kukabweza ngongole imene inatengedwa poyidikira.

Si onse opempha amene amapatsidwa, ndipo pano mwana wa m'tauni ali ndi tsoka lakelake. Umphawi wa kumudzi umaoneka: nyumba yaudzu, kalata ya amfumu, mwana wamasiye. Umphawi wa ku Ndirande umavala malaya ositidwa. Bambo ali moyo, ali ndi foni, amadzuka m'mawa kupita "kuntchito", koma ntchitoyo ndi yodikira galimoto yoti atsitse katundu. Pa fomu ya pa intaneti banja lotere limaoneka ngati lodzidalira.

Bungwe la ngongole nalo lili ndi dandaulo lomveka. Thumbali linapangidwa kuti lizizungulira: wotsiriza sukulu abweze, wobwera m'mbuyo apeze. Koma kwa zaka 30 kuchokera mu 1985 ngongoleyi inkatengedwa ngati mphatso, ndipo panalibe amene ankaitolera mwakhama. Ena mwa amene sanabweze ndi anthu a maudindo lero, omwe aja anadya ku kafeteriya. Ngakhale atabweza onse mawa, K25,000 ya nthawi ija sikanagula ngakhale theka la thumba la chimanga kumayambiriro kwa 2025. Obwereka atsopano, amene ngongole zawo ndi za mamiliyoni, akutuluka n'kupeza ntchito kulibe. Lamulo limadalira olemba ntchito kuti azidula ndalama pa malipiro. Nanga wa digiri amene akugulitsa mayunitsi ndi kutumiza ndalama pa Airtel Money ndi Mpamba pansi pa ambulera mu Limbe, adzamudula ndani? Thumba loyenera kuzungulira likudalirabe bajeti ya boma, ndipo bajetiyo ikulimbirana ndi feteleza, mankhwala ndi chiwongoladzanja cha ngongole za boma lomwelo.

Mayunivesite sindiwaimba mlandu wokweza fizi. K650,000 ya mu 2023 ija inali kachigawo chabe ka ndalama zophunzitsira injiniya mmodzi pachaka, ndipo zipangizo za mu labu zimagulidwa ndi madola amene dziko lilibe. Ndalama imene boma limapereka imathera kwambiri ku malipiro a antchito. Chimene ndimakayikira ndi dongosolo la zofunika kuyamba. Mu 2021 tinagawa Yunivesite ya Malawi kukhala mayunivesite atatu, iliyonse ndi khonsolo yake, akuluakulu ake ndi zikwangwani zatsopano. Mwina zinathandiza pa kayendetsedwe ka ntchito. Koma mwana wogona pa bedi la pamwamba ku Zingwangwa anangoona dzina likusintha pa chiphaso chake.

Chovuta kwambiri pa kutsika kumeneku n'chakuti sikuoneka m'mabuku. Wophunzira wa njala sasiya sukulu tsiku limodzi kuti alembedwe kuti wachoka chifukwa cha umphawi. Amayamba kujomba kalasi ya m'mawa chifukwa cha thiransipoti, kenako ya masana chifukwa wapeza ganyu yophunzitsa ana a Fomu 4 ku Chilomoni. Amalephera phunziro limodzi, amalemba mayeso obwereza otchedwa sapu, chaka chotsatira masapu awiri, kenako amachotsedwa sukulu. M'kaundula amalembedwa kuti analephera mayeso. Wina amapempha kusungitsa malo kwa chaka kuti akasake ndalama, osabweranso. Kwa atsikana njira yake ili ndi msampha wina umene aliyense mumzinda muno amaudziwa koma amautchula monong'ona: galimoto zoima pafupi ndi mahostelo Lachisanu madzulo. Timathamangira kunena za khalidwe la anawo, osafunsa kuti anadya liti komaliza. Ochepa amapulumuka chithunzi chawo chikayenda pa Facebook, anthu akufuna kwabwino n'kusonkha. Koma chifundo chotere chimagwera wodziwa kulemba nkhani yake mogwira mtima, osati wosowa kwambiri.

Pansi napo pakudzaza. Ana amene analowa Sitandade 1 pulayimale itakhala yaulere mu 1994 ndi makolo tsopano, ndipo akufuna ana awo apitirire pamene iwo analekezera. Masekondale oyendera a m'matauni akutulutsa chaka chilichonse ana okhoza bwino MSCE, oposa malo amene alipo. Ndiye mpando wa amene wagwa suzizira, ndipo n'chifukwa chake palibe ofesi imene imamva kupweteka akagwa.

Nditabwerera ku Zingwangwa semesita yotsatira, pa bedi la pamwamba panali nkhope yachilendo. Ndinafunsa mayi a nyumbayo za mnyamata wa tochi uja.

"Anapita kwawo ku Machinjiri, bambo. Anati akubwera akapeza ya miyezi iwiri imene anatsala nayo. Ndinamusungira bedi milungu itatu, koma nanenso ndili ndi ana a sukulu."

Analowa m'nyumba n'kutulutsa katoni ya mabuku ndi chikalikuleta, zimene anagwira ngati chikole. Anandifunsa ngati ndikudziwa wophunzira wa chaka choyamba amene angagule.