Ndinagula chimanga cha kunja pa mtengo wa nyama

Nditapita kumudzi pa Khirisimasi, amayi anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, kenako n'kufunsa motsitsa mawu: "Kodi mwanawe, ukudwala?" Sindinkadwala ayi. Ndinangobadwa woonda, ndipo nthawi imeneyo sikelo inkaima pa makilogalamu 57. Koma mukudziwa nokha mmene anthu amamuonera munthu woonda kwathu kuno.

Nditabwerera ku Blantyre ndinayamba jimu. Mwezi usanathe ndinapezeka m'shopu ina, nditaima kutsogolo kwa zigubu ziwiri, china cha mass gainer, china cha whey protein. Wogulitsa sanachedwe: "Achimwene, thupi limenelo likufuna gainer basi." Ndinatulutsa ndalama yoti ikanakwanira lendi.

Patatha milungu isanu ndi umodzi ndinali nditakwera ndi makilogalamu atatu. Vuto linali malo amene makilogalamuwo anakakhala. Lamba ndinamusuntha bowo limodzi, koma manja a malaya anali akulendewerabe ngati kale. Ndikamwa gainer m'mawa mimba inkatupa, masana nsima osailakalaka n'komwe.

Apa m'pamene ndinawerenga zolembedwa kumbuyo kwa chigubu, zomwe ndikanayenera kuchita ndili m'shopu muja. Muyezo umodzi unali ufa woposa magalamu 300, wopatsa ma calorie pafupifupi 1,250. Mmenemo mapuloteni anali magalamu 50 okha. Pafupifupi magalamu 250 anali chakudya chopatsa mphamvu, makamaka maltodextrin, yomwe nthawi zambiri amaipanga kuchokera ku sitachi ya chimanga. Ine, munthu wodya nsima kawiri pa tsiku, ndinali nditagula chimanga china, chochokera kutsidya kwa nyanja!

Whey ndi nkhani ina. Amapanga kuchokera ku madzi otsala popanga tchizi, ndipo kasupuni kake ka magalamu 30 kamapatsa mapuloteni pafupifupi magalamu 24 ndi ma calorie ongozungulira 120. Mapuloteni amenewo ndi ofanana ndi a mazira anayi. Payokha siinenepetsa munthu. Ntchito yake ndi kutseka mpata ngati ndiwo zikuperewera.

Kwa ine mpata unali pomwepo. Munthu wonyamula zitsulo amafunika mapuloteni pafupifupi magalamu 1.6 pa kilogalamu iliyonse ya thupi lake tsiku lililonse. Wa makilogalamu 60 ndiye kuti magalamu 96. Nditawerengetsera tsiku langa, tiyi ndi buledi m'mawa, tchipisi cha pachiwaya masana, nsima ndi masamba madzulo, ndinaona kuti ndili kutali. Mphamvu zinalipo, zomangira minofu ndiye kunalibe.

Sindikunena kuti gainer ndi wachabe. Alipo anzathu amene amagwira ntchito yakalavulagaga kapena kusewera mpira tsiku ndi tsiku, chakudya osalowa mokwanira, ndipo kumwa kumawaphwekera kuposa kutafuna. Komabe kuti munthu azikwera pang'onopang'ono amangofunika kuonjezera ma calorie 300 mpaka 500 pa tsiku, osati 1,250. Phala lothira nsinjiro, kapu ya mkaka ndi nthochi zimafikitsa pamenepo. Koma ngati thupi likutsika lokha popanda chifukwa, kapena muli ndi vuto la impso kapena shuga, yambani mwapita kuchipatala musanapite kushopu.

Pano ndimadya mazira awiri m'mawa, usipa kapena soya pieces masana, nyemba kapena nkhuku madzulo, chambiko ndikachipeza. Soya pieces timainyoza ngati ndiwo za kumapeto kwa mwezi, chonsecho ikakhala youma pafupifupi theka lake ndi mapuloteni. Whey ndinagula kachigubu kakang'ono, ndimamwa tsiku limene ndatanganidwa n'kulephera kudya bwino, ndipo ndimasungunula ndi madzi chifukwa mkaka wambiri umandivuta m'mimba.

Sikelo tsopano ili pa 62, lamba anabwerera pa bowo lakale. Gainer wotsala ndinampatsa msuweni wanga wa kabaza, yemwe amapalasa njinga kuyambira m'bandakucha mpaka dzuwa kulowa.