Kodi Mwana Angayende Yekha Pagulu Ali ndi Zaka Zingati?

M'mudzi mwana sasowa. Akachoka pakhomo pa amake amapezeka pakhomo pa azakhali ake, ndipo akalowera njira ya kudambo, mayi aliyense wochokera kotunga madzi amamdziwa dzina ndi kumbweza. Chifukwa cha ichi makolo ambiri anazolowera kulola mwana wa zaka 4 kapena 5 kuyendayenda yekha, pakuti maso a mudzi wonse ali pa iye. Akale anati mwana wa mnzako ngwako yemwe, ndipo sananame. Koma mwambi umenewu umagwira ntchito pokhapokha pamene anthu akudziwana. Pakati pa khamu la alendo, mwana sakhala wa munthu wina aliyense koma wa amene anabwera naye.

Boma la Mchinji lili pa msewu wa M12, makilomita pafupifupi 110 kuchokera ku Lilongwe ndi makilomita 12 okha kuchokera ku malire a dziko la Zambia. Kalembera wa mu 2018 anapeza anthu oposa 600,000 m'boma lonse, ndipo ambiri a iwo amafika pa Boma kudzagulitsa mtedza, soya ndi chimanga, kudzaona odwala ku chipatala chachikulu, kapena kudzakwera minibasi. Mu Disembala 2022 panatsegulidwa chipata chatsopano cha pa malire a Mchinji ndi Mwami, ndipo malole a katundu amadutsa pa Boma tsiku ndi tsiku pamodzi ndi njinga zamoto ndi za kabaza. Kuwonjezera apo pali masiku a chisangalalo: mpira waukulu, misonkhano, Khirisimasi ndi Chaka Chatsopano, pamene eni malo ochezera amakonzera ana akatungwe, zolumphapo zopopa mpweya, ndipo mwina dziwe losambiramo. M'mwezi wa Ogasiti mabanja ambiri amawoloka malire kupita ku mwambo wa Kulamba ku Mkaika, m'boma la Katete, kumene kumasonkhana Achewa a ku Malaŵi, Zambia ndi Mozambique. M'malo onsewa mawu amodzimodzi amamveka: "Takhala pompano, ndikubwera." Ngozi zambiri zimayambira pa mawu amenewa.

Kuchuluka kwa anthu sikuteteza mwana

Kholo likaona anthu ambiri pamalo limaganiza kuti mwana sangaone choipa popanda wina kumthandiza. Zoona zake n'zakuti aliyense woona mwana akuyenda yekha amayesa kuti amake ali pafupi, ndipo amapitiriza ulendo wake. Mwini malo a chisangalalo amalandira ndalama pa chipata. Iye sanalembedwe ntchito yolera ana, ndipo mnyamata mmodzi woyang'anira katungwe sangathe kuona ana makumi atatu nthawi imodzi.

Khamu palokha lingathe kupha. Pa 6 Julayi 2017, tsiku lokumbukira ufulu wa dziko lino, anthu 8 anafa pa chipata cha bwalo la masewera la Bingu ku Lilongwe pamene chinamtindi cha anthu chinapanikizana pofuna kulowa. Mwa anthu 8 amenewo, 7 anali ana. Chifukwa chake n'chodziwika kwa a zachipatala. Munthu amapuma potukula chifuwa. Akapanikizidwa kutsogolo ndi kumbuyo chifuwa chimalephera kutukuka, ndipo amabanika ngakhale ali chiimire. Mwana ndi wamfupi, nthiti zake n'zofewa, nkhope yake imakhala pa mimba za akulu, ndipo akagwa palibe amene amaona kuti pansi pali munthu. Motero kholo loona kuti anthu ayamba kukankhana pa chipata liyenera kutuluka ndi ana ake cham'mbali nthawi isanathe, ndipo wamng'ono amnyamule paphewa. Kulowa mochedwa, kapena kusalowa n'komwe, si kutaya kanthu.

M'maiko ena muli malo aakulu a masewera a ana, okhala ndi mpanda, alonda ndi antchito ochuluka. Ngakhale kumeneko eni ake sakhulupirira kuti mpanda ungalere mwana. Ku malo otchuka a Disney m'dziko la America, kuyambira mu 2013, mwana wosakwana zaka 14 saloledwa kulowa popanda munthu wa zaka 14 kapena kuposerapo, ndipo wosakwana zaka 7 sakwera chosewerera chilichonse yekha. Ngati zili choncho kumalo a alonda ambiri, nanga pa depoti ya minibasi, pamene palibe mpanda kapena mlonda?

Wosakwana zaka 5: pofika dzanja

Mwana wa msinkhu uwu ayenera kukhala pamene munthu wamkulu angamgwire pongotambasula dzanja. Kumuona patali sikukwanira. Bungwe la zaumoyo pa dziko lonse la WHO limanena kuti ana a chaka 1 mpaka zaka 4 ndiwo amafa kwambiri ndi kumira poyerekeza ndi misinkhu ina yonse. Anthu ambiri amaganiza za mitsinje monga Bua ndi Rusa, koma mwana wamng'ono amamira m'ndowa, m'beseni lochapira, m'chitsime chosavindikira, ndi m'maenje okumbamo dothi la njerwa amene amadzaza madzi m'dzinja. Mutu wake ndi wolemera poyerekeza ndi thupi, kotero kuti akasuzumira amagwa chamutu ndipo sangathe kudzuka. Chomvetsa chisoni n'chakuti mwana womira safuula, pakuti m'kamwa mwake muli madzi. Ubongo ukakhala wopanda mpweya kwa mphindi 4 kapena 5 umayamba kuwonongeka, ndipo nthawi imeneyi ndi yochepa kuposa imene mayi amataya potsutsana mtengo wa tomato.

Palinso ngozi ina yoyenera kutchulidwa m'boma lolima mtedza ngati lino. Mwana wosakwana zaka 4 satha kutafuna bwino mtedza wathunthu, ndipo akamadya akuthamanga kapena akuseka, njere ingathe kulowa m'njira ya mpweya ndi kumtsamwitsa. Nsinjiro za m'phala n'zabwino kwa iye. Mtedza wokazinga wa pamsika udikire.

Za mlezi

Apa ndipo pali vuto lalikulu. Mayi akafuna kulowa m'chigayo kapena kukaima pa mzere wa mankhwala amabereketsa khanda kwa mtsikana wa zaka 7 ndi kumuuza kuti ayang'anirenso mlongo wake wa zaka 3. Mwambo wa mlezi si woipa. Umaphunzitsa ana chifundo ndi kusamala anzawo, ndipo pabwalo la kwawo, agogo ali pakhonde, palibe cholakwika. Koma mtsikana wa zaka 7 akali mwana. Maganizo ake amatsata chinthu chimodzi pa nthawi imodzi: ng'oma ikalira kapena anzake akayamba fulaye, wa zaka 3 uja waiwalika. Ndiponso ngozi ikachitika alibe mphamvu zovuula mnzake m'madzi, ndipo kawirikawiri mantha a kukwapulidwa amamchititsa kubisa kapena kuchedwa kunena. Pamapeto pake banja limataya mwana mmodzi, ndipo wina amakula ndi chisoni cha mlandu umene sunali wake.

Pamalo a khamu, pafupi ndi msewu kapena madzi, wosiyidwa ndi mwana wamng'ono akhale wa zaka 14 kapena kuposerapo, ndipo apatsidwe mwana mmodzi kapena awiri basi, kwa nthawi yochepa. Amayi awiri a mudzi umodzi angathenso kusinthana: wina akagule, wina akhale ndi ana onse. Chofunika ndi kunena poyera kuti, "Amake Chisomo, anawa ali m'manja mwanu mpaka ndibwere," ndipo winayo avomere. Ana ambiri amasowa pamene akulu alipo asanu, yense akuyesa kuti mnzake ndiye akuyang'anira.

Zaka 6 mpaka 9: mapazi achangu, maso osakhwima

Mwana wa msinkhu uwu angathe kutumidwa kwa anansi, kupita ku sukulu ya pafupi ndi anzake, ndi kukagula mchere pa kagolosale ka m'mudzi. Zimenezi n'zoyenera, ndipo kumletsa n'kumlakwira. Chimene sangathe ndi kuwoloka yekha msewu waukulu. Makolo ambiri amadabwa ndi mawu amenewa chifukwa mwana wawo ndi wochenjera, amakhoza m'kalasi ndipo amathamanga kuposa iwo. Koma nkhani si ya nzeru za m'kalasi. Ana ambiri osakwana zaka 10 sanakhwime pa kuyeza liwiro ndi kutalika kwa galimoto imene ikubwera. Amaona kuti ili kutali, osazindikira kuti ikudza mofulumira. Savutika kumva hutala, koma amachedwa kudziwa mbali imene phokoso likuchokera. Ndipo chifukwa cha kufupika, akatulukira kuseri kwa minibasi yoima, iye saona msewu ndipo dalaivala samuona.

Galimoto yoyenda makilomita 60 pa ola imadutsa mamita pafupifupi 17 pa sekondi imodzi, ndipo kuchokera pamene dalaivala waona mwana kufika pamene yaima, imakhala itayenda mamita oposa 30. Lole yodzaza katundu imafuna mtunda wotalikirapo. Bungwe la WHO limati ngozi za pamsewu ndizo zimapha kwambiri ana ndi achinyamata a zaka 5 mpaka 29 pa dziko lonse. Choncho pa msewu wa M12, kaya pa Boma kaya pa Kamwendo, mwana wosakwana zaka 10 awoloke atagwidwa pamkono. Pamkono, osati zala, pakuti zala zimapulumuka.

Kumasula chingwe pang'onopang'ono

Pali makolo ena amene, atamva za ngozi zonsezi, angaganize zotsekera ana pakhomo. Kumeneko ndi kulakwa kwina. Mwana amene sanatumidwepo amafika zaka 15 osadziwa kuwerenga chenje, kufunsa njira, kapena kukana munthu womunyengerera, ndipo tsiku limene adzayende yekha adzakhala pa ngozi yoposa anzake. Kudziimira kumaphunzitsidwa monga kupalasa njinga: wophunzitsa amagwira chishalo, kenaka amathamanga pambali, ndipo pomaliza amaima patali.

Poyamba kholo liyende ndi mwana, likunena mokweza zimene likuchita: kuima m'mphepete, kuyang'ana kumanja, kumanzere, ndi kumanjanso, ndiponso kuyenda mbali ya kumanja ya msewu kuti aziona galimoto zobwera kutsogolo. Ulendo wina mwana ndiye atsogole ndi kunena nthawi yowolokera. Pambuyo pake kholo litsalire m'mbuyo ndi kumuonerera. Akachita bwino maulendo angapo, pamenepo angatumidwe yekha masana, pa njira imene akuidziwa.

Kuyambira zaka 10 mpaka 13 ana ambiri angathe kuzungulira pamsika kapena pamalo a chisangalalo ali awiri kapena atatu, kholo lili pamalo omwewo, atapangana pokumanira ndi nthawi yake. Pokumanira pakhale chinthu chosasuntha ndi chooneka patali, monga mtengo waukulu kapena chipata, osati "pamene paima galimoto yofiira". Zaka zimenezi ndi chitsogozo chabe. Ana amasiyana, ndipo mwana wa khunyu, wosamva bwino kapena wosaona bwino afunika kuyang'aniridwa nthawi yotalikirapo, makamaka pafupi ndi madzi ndi moto. Muyeso wabwino ndi khalidwe lake: kodi amabwera pa nthawi imene anauzidwa? Kodi akalakwitsa amanena zoona?

Wa zaka 14 kupita m'tsogolo angayende yekha pa Boma, koma ngozi yake ndi ya mtundu wina. M'maboma a m'malire ana akhala akutengedwa ndi anthu owalonjeza ntchito, ndi kukapezeka akuweta ng'ombe kapena kugwira ntchito m'minda ya fodya kutali ndi kwawo, ena kutsidya la malire. Dziko lino linakhazikitsa lamulo loletsa kuzembetsa anthu mu 2015, ndipo kuyambira mu 2017 malamulo aakulu a dziko amati aliyense wosakwana zaka 18 ndi mwana. Lamulo la chisamaliro ndi chitetezo cha ana la mu 2010 limaika pa kholo kapena womlera udindo woteteza mwana ku kulekereredwa ndi ku zinthu zomuika pa ngozi. Mnyamata kapena mtsikana adziwe kuti nkhani ya ntchito, ya ulendo kapena ya mphatso imayamba yafika kwa makolo, ngakhale woinenayo akhale wodziwika.

Mwana akasowa

Asananyamuke pakhomo, mwana aliyense wotha kulankhula aphunzitsidwe dzina lake lonse, maina enieni a makolo ake, mudzi wake ndi mfumu yake. Ana ambiri amangodziwa kuti mayi wawo ndi "amama". Kapepala kolembapo nambala ya foni kaikidwe m'thumba mwake kapena kamangidwe ku malaya. Auzidwe kuti akasochera aime pamene alipo, osathamanga uku ndi uku, ndipo apemphe thandizo kwa wapolisi, kwa mayi wogulitsa pa benchi yake, kapena kwa mayi wobereka mwana, koma asatsate munthu womuuza kuti akamfunire amake kwina.

Kholo lozindikira kuti mwana palibe lisachite manyazi. Lifuule msinkhu wake ndi mtundu wa zovala zake kuti onse ozungulira ayambe kuyang'ana, ndipo oyamba kuthamanga apite kumene kuli madzi ndi ku msewu. Akapanda kupezeka msanga, nkhani ikafike ku polisi ya Mchinji nthawi yomweyo, osadikira kuti kuche, pakuti njinga yamoto imafika ku malire m'mphindi zochepa. Nambala ya 116 ndi yaulere ndipo ndi yothandiza pa nkhani za ana.

Mwana akavuulidwa m'madzi asazondotsedwe kapena kufinyidwa pamimba. Ngati sakupuma, agonekedwe chagada, auziridwe mpweya m'kamwa ndi kusindikizidwa pakati pa chifuwa mobwerezabwereza, wina akufuna galimoto. Ngakhale atsitsimuke ndi kuyamba kusewera, apite naye ku chipatala tsiku lomwelo, chifukwa madzi olowa m'mapapo angathe kuyambitsa vuto la kupuma patapita maola angapo. Mlangizi wa zaumoyo kapena namwino wa ku sikelo angathe kuonetsa makolo kachitidwe kake pa chidole.